Lipoti la nkhani ya Kihansi: damu, mathithi ndi madzi otsalira mumtsinje

Mtsinje wa Kihansi si waukulu. Umachokera m'mapiri a Udzungwa kumwera kwa Tanzania, n'kutsetsereka phompho kukathira mumtsinje wa Kilombero, umene madzi ake amakathera mumtsinje wa Rufiji. Tikawerengera chaka chonse, umayendetsa malita pafupifupi 16,000 pa sekondi. Akatswiri a magetsi sanakopeke ndi kuchuluka kwa madziwo ayi. Chinawakopa ndi kagwedwe kake, chifukwa pa mtunda wa makilomita ochepa chabe mtsinjewu umatsika mamita oposa 800 m'chigwembe chothina, ndipo pakati pa chigwembecho pali mathithi aakulu otalika kupyola mamita 100. Ndalemba lipotili kaamba ka anzanga amene timayeza madzi, kuunika mapulani a madamu ndi kusainira zilolezo, popeza nkhani ya mtsinjewu inayamba ndi pepala looneka bwinobwino.

Chiyambi cha ntchito

M'zaka za m'ma 1990 dziko la Tanzania linali pa vuto la kuzimazima kwa magetsi. Mphamvu yambiri inkachokera ku madamu a Kidatu ndi Mtera pa mtsinje wa Great Ruaha, ndipo chilala chikagwa madzi a ku Mtera amatsika, mafakitale a ku Dar es Salaam n'kuyamba kulandira magetsi mosinthana. Kihansi anaoneka ngati mpumulo. Madzi ake amachokera kumapiri a mvula yambiri, ndipo ngakhale m'chilimwe saphwa.

Pulani yake inali yaukhondo. Pamwamba pa phompho anamanga damu laling'ono la konkire, lotalika mamita 25, losunga madzi a maola owerengeka, osati a miyezi. Kuchoka padamupo madzi amalowa m'ngalande yobooledwa mkati mwa phiri, n'kugwera pa makina atatu opukusa magetsi amene ali m'nyumba ya pansi pa thanthwe, aliwonse opereka mamegawati 60, onse pamodzi 180. Akamaliza ntchito yake madziwo amabwerera mumtsinje kumunsi kwa phiri. Ntchito yomanga inayamba mu 1995 pansi pa kampani ya boma ya magetsi ya TANESCO, ndi ndalama zochokera ku World Bank, European Investment Bank, ndi mabungwe a chitukuko a ku Norway, Sweden ndi Germany. Magetsi anayamba kutuluka pamene chaka cha 1999 chinkatha, ndipo malowa anatsegulidwa mu 2000.

Aliyense wounika pulani ngati imeneyi mtima wake umakhala m'malo. Malo omizidwa ndi ochepa, palibe nyanja yaikulu yosamutsa midzi, ndipo madzi onse olowa m'makina amabwerera mumtsinje womwewo. Pa ntchito yathu timangoti madziwo tabwereka, sitinadye. Kauniuni woyamba wa za chilengedwe anayang'ana kwambiri malo a damu, misewu ndi misasa ya ogwira ntchito. Chigawo cha mtsinje chapakati pa damu ndi pobwerera madzi, chomwe ndi chigwembe chenichenicho, sichinaunikidwe mokwanira. Sikovuta kumvetsa chifukwa chake. Mulibe mudzi, mulibe munda, mulibe wotunga madzi, ndipo kulowamo n'kukwera miyala yoterera tsiku lathunthu. Wogwiritsa ntchito madzi amene sangabwere kumsonkhano kudzadandaula salembedwa m'kaundula.

Zomwe zinapezeka m'chigwembe

Kauniuni wowonjezera atachitika, ofufuza anayamba kulowa m'chigwembemo, ndipo mu Disembala 1996 anapeza kachule kamene sayansi inali isanakadziwe. Anadzakapatsa dzina lakuti Nectophrynoides asperginis. Ndi kachikasu, kakang'ono kokwana pachikhadabo cha chala chachikulu, kosapyola masentimita atatu. Sikaikira mazira m'madzi ndipo kalibe mbululu. Kakakazi kamabereka tiana tamoyo, ndipo kakakhala ndi pakati tianato timaonekera pakhungu la pamimba. Dziko lonse la achule amenewa linali mahekitala pafupifupi awiri, ndipo kwina kulikonse padziko lapansi kunalibe. Chiwerengero chawo chinkayerekezedwa pa 17,000.

Apa mpamene pali phata la nkhaniyi kwa ife a madzi. Achulewa sankakhala mumtsinje. Ankakhala pa timadambo ta udzu waufupi ndi ndere m'mbali mwa mathithi, pomwe pamagwa mawawa usiku ndi usana. Madzi ochuluka akagwa kuchoka patali chotero amaphwanyika pamiyala, ndipo kugwa kwakeko kumautsa mphepo yamphamvu imene imanyamula timadontho kupita nato kumapeto kwa nkhalango. Mawawa amenewa ndi amene ankaziziritsa malowo, kusunga chinyezi chokhazikika chaka chonse, kuletsa mitengo ndi zitsamba kumera, ndi kutchinga zilombo zodya achule. Choncho chimene chinkasunga moyo pamenepo sichinali kuya kwa madzi pa choyezera, kapena kuchuluka kwa malita odutsa pansi pa mlatho. Inali mphamvu ya kugwa kwa madziwo.

Mawawa satsika molingana ndi madzi. Mukachepetsa madzi a mathithi ndi theka simutsala ndi theka la mawawa, chifukwa madzi ochepa amangotsetsereka pathanthwe mwakachetechete osaphwanyika, mphepo ija n'kutha. Njira zathu zambiri zowerengera madzi otsalira mumtsinje zinapangidwira nsomba ndi anthu a kumunsi. Zimafunsa kuti madzi akhale akuya bwanji, othamanga bwanji, ndipo mwezi wouma kwambiri pakhale gawo lanji la madzi a chaka. Palibe ndi imodzi yomwe imene imafunsa kuti madziwo aziwaza mpaka pati.

M'chigwembe chomwecho munapezekanso khofi wamtchire wopezeka kumeneko kokha, amene anatchedwa Coffea kihansiensis. Koma nkhani inatchuka ndi chule, ndipo zimenezi zinathandiza komanso zinavulaza, chifukwa mkangano wonse unasanduka wa chule ndi magetsi.

Zaka zitatu zomwe zinadutsa

Kuchoka pamene achule anapezeka kufika pamene mtsinje unapatutsidwa panadutsa zaka zitatu. Pa maganizo anga, nthawi imeneyi ndiyo inagamula zonse, kuposa ngakhale mliri umene unagwira achulewa mu 2003, umene anthu amaukamba kwambiri.

Padamu panali kale paipi yodutsitsa madzi ochepa kupita kumathithi, yokhoza kutulutsa malita apakati pa 1,500 ndi 1,900 pa sekondi. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi a mtsinjewu. Makina okha atatu aja akamagwira ntchito onse amameza malita pafupifupi 25,000 pa sekondi, kuposa madzi amene mtsinje umakhala nawo miyezi yambiri ya chaka. Kotero kupatula pachimake pa dzinja pamene damu limasefukira, mathithi akanangolandira za m'paipi yaing'ono ija basi. Kukula kwa paipiyo sikunachokere pa kafukufuku wa mawawa, poti pamene ankajambula mapulani palibe amene ankadziwa kuti pali mawawa ofunika kusungidwa. Koma itangolowa m'konkire, nambala yake inasanduka poyambira zokambirana zonse.

Tiyeni tiwerengere mbali ya kampani ya magetsi, chifukwa nawonso anali ndi mfundo. Madzi akamagwa mamita oposa 800, malita 1,000 aliwonse pa sekondi amapereka mamegawati pafupifupi 7. Mukati muwonjezere malita 5,000 kumathithi, mwachotsa mamegawati 35 m'nthambo, ndipo mwawachotsa m'chilimwe pamene Mtera naye ali pansi. Dziko linali litakongola ndalama zambiri kuti lipeze magetsi amenewa, ndipo anthu ambiri a ku Tanzania nthawi imeneyo analibe magetsi m'nyumba. Mkulu wa boma wofunsidwa kuti asankhe pakati pa chipatala ndi chule sangavutike kuyankha. Vuto linali lakuti funso linaloledwa kufika pamenepo. Zikanadziwika mapulani asanatsekedwe, kukula kwa makina, kwa paipi ndi ndalama zoyembekezeka zikanawerengedwa pa madzi otsala pambuyo pogawira mathithi, ndipo palibe akanati walandidwa. Zitadziwika konkire atauma, lita iliyonse yopita kumathithi inaoneka ngati yobedwa kwa mwini wake.

Malamulo nawo sanathandize. Lamulo la madzi limene linkagwira ntchito linali la 1974, ndipo linkadziwa otunga madzi okhaokha: akumwa, othirira, a mafakitale, a magetsi. Chilengedwe sichinali m'gulu la oyenera gawo. Lamulo lokakamiza kauniuni wa za chilengedwe linali lisanabwere. Ofesi ya madzi ya chigwa cha Rufiji inali ndi udindo wopereka chilolezo, koma inalibe ndime ya lamulo yoimapo pokana, ndiponso inalibe nambala yodalirika yoti inene kuti mathithi akufuna madzi akuti. Makina anayamba kuzungulira chilolezo chomaliza chisanatuluke.

Kuuma kwa madambo ndi njira ziwiri zopulumutsira

Mtsinje utapatutsidwa kumapeto kwa 1999, kusintha kunaoneka m'miyezi yochepa. Mawawa anabwerera m'mbuyo mpaka patsinde pa mathithi. Udzu waufupi ndi ndere zinayamba kuuma, zitsamba za masamba aakulu n'kulowa m'malo mwake. Linthumbu, limene kale silinkayerekeza kuponda pamalo onyowa chotero, linayamba kudutsamo. Achule anaunjikana pa timalo tochepa tomwe tinali tikadali tonyowa, ndipo chiwerengero chawo chinagwa.

Panatengedwa njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo zonse zinali zadzidzidzi.

Yoyamba inali kupanga mawawa ndi manja. Pakati pa 2000 ndi 2001 anayala mapaipi m'madambo aja, okhala ndi timipopi tambirimbiri towaza madzi. Sanagwiritse ntchito pampu. Madzi ankatengedwa kumtunda, ndipo kutsika kwa phiri ndi kumene kunkawapatsa mphamvu yowaza. Imeneyi inali nzeru yabwino, chifukwa pampu m'chigwembe chopanda msewu ndi pampu yakufa mawa lake. Madzi ofunika pa mipopiyi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi malita zikwi zingapo amene mathithi akanafuna kuti awaze okha, ndipo n'chifukwa chake mbali zonse zinailandira. Anamanganso tinjira toyendamo kuti ofufuza ndi okonza mapaipi asamapondereze udzu.

Amene anagwirapo ntchito ya mthirira wa mipopi akudziwa kale pomwe pali msampha. Kabowo ka mpopi wowaza ndi kakang'ono. Kamchenga kamodzi, kachidutswa ka tsamba kapena ndere yomera mkati zikwanira kukatseka, ndipo mpopi wotsekeka suchita phokoso. Umangosiya kuwaza, bwalo lake n'kuyamba kuuma pamene anzake oyandikana nawo akuwaza bwinobwino. Pamafunika munthu woyenda mzere ndi mzere, kumasula kamutu kalikonse, kukatokosa, kukatsuka, kukabwezera, mawa n'kubwerezanso. Pamafunika maenje odekhetsa matope ndi masefa, ndi wina wowakokolola. Mathithi ankagwira ntchito imeneyi zaka zosawerengeka popanda malipiro. Tsiku lomwe munthu wasankha kuika mapaipi m'malo mwake, wasainira ntchito yopanda tsiku lothera, pamene ndalama za pulojekiti zili ndi tsiku lothera. Mu 2001 panakhazikitsidwa pulojekiti yapadera yosamalira chilengedwe cha Kihansi ndi ngongole ina ya World Bank, ndipo imodzi mwa ntchito zake inali imeneyi.

Njira yachiwiri inali yosamutsa ena mwa achulewo. Mu Novembala 2000, mogwirizana ndi boma la Tanzania, achule 499 anatengedwa pa ndege kupita ku America, kuyambira ku Bronx Zoo mumzinda wa New York, ndipo kenako anagawidwa kumalo ena osungirako nyama. Panthawiyo ena anaona ngati kutaya ndalama, ena ngati kupereka chuma cha dziko kwa alendo. Umwini wa achulewo unatsala m'manja mwa Tanzania. Kuwasunga kunavuta koopsa. Anagwidwa ndi nyongolotsi za m'mapapo, anadwala chifukwa chosowa vitamini A mpaka malilime awo kulephera kugwira tizilombo, mafupa anafewa, ndipo pofika 2004 anatsala pafupifupi 70. Malo awiri okha, Bronx Zoo ndi Toledo Zoo ya ku Ohio, ndi amene anapeza njira, atasintha madzi owazira, nyale ndi chakudya. Kuchoka pa ochepawo anaswana mpaka kufika zikwi zingapo.

Chaka cha 2003

M'chigwembe zinthu zinayamba kuoneka bwino. Mipopi itakhazikika udzu unabiriwira, achule anachulukanso, ndipo mu Juni 2003 owerenga anapeza pafupifupi 20,000, kuposa ngakhale chiwerengero cha poyamba. Zinaoneka ngati mkangano watha: magetsi akutuluka, achule akuswana, ndi madzi ochepa chabe.

Patangopita masabata owerengeka, mu Ogasiti, anapezeka pafupifupi 40. Kumayambiriro kwa 2004 ankaoneka mmodzimmodzi, kenako zii. Mu 2009 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yakutha, linalengeza kuti mtundu umenewu watha kutchire.

Zinthu zitatu zinachitika moyandikana, ndipo n'chifukwa chake anthu akhala akukangana za chimene chinapha. Choyamba, m'mwezi womwewo wa Juni damu linatsegulidwa kwa kanthawi, madzi ambiri pamodzi ndi matope a pansi pa damu n'kutsikira m'chigwembe. Matope amenewa amachokera m'minda ya kumtunda, ndipo munapezeka zotsalira za mankhwala ophera tizilombo m'mbewu, kuphatikizapo endosulfan, amene ndi poizoni kwa achule. Chachiwiri, chakumapeto kwa Julayi, chilimwe chili mkati, mipopi inasokonekera. Chachitatu, pa achule akufa panapezeka fangasi wa chytrid, Batrachochytrium dendrobatidis, amene amaononga khungu la achule ndipo wapulula mitundu yambiri m'maiko osiyanasiyana. Chule amamwa ndi kupuma kudzera pakhungu, choncho khungu likakhuthala ndi matendawa, mchere wa m'magazi umasokonekera, mtima n'kuima. Kafukufuku wa mu 2024, amene anaunikanso achule akufa osungidwa kuyambira nthawi imeneyo, anasonyeza kuti mliriwo unabwera ndi mtundu wa fangasiyu wotchedwa BdCAPE, wodziwika kumwera kwa Africa.

Ena amatenga zotsatira zimenezi ngati chikhululukiro cha damu: anapha ndi matenda, osati ife. Ine sindiwerenga choncho. N'zoona kuti fangasi ndi amene anamaliza, ndipo mwina akanafika ngakhale damu pakanapanda. Koma anapeza mtundu wonse utapanikizana pa timabwalo tochepa tothiriridwa ndi mapaipi, pamalo pomwe udzu ndi tizilombo todyedwa zinali zitasintha kale, popanda gulu lina lakutali loti n'kupulumuka. Anapezanso chigwembe chimene kale munkalowa munthu mwa apo ndi apo chitasanduka njira ya amisiri, ofufuza ndi alendo. Palibe amene anatsimikiza kuti fangasiyu analowa pa nsapato, koma zitachitika izi anaika mabeseni a mankhwala polowera kuti aliyense aviike majombo ake asanadutse. Beseni lotere mtengo wake ndi wochepa zedi, ndipo linafika achule atatha.

Pali phunziro lina limene sindilimva kawirikawiri. Chiwerengero cha 20,000 chija chinatonthoza anthu chifukwa ndi chimene ankayang'ana. Kuchuluka kwa nyama pamalo opangidwa ndi manja sikusonyeza kuti malowo ali bwino. Nthawi zina kumangosonyeza kuti zilibe kwina kopita. Ndipo pa nkhani yotsegula damu, aliyense wa ife amadziwa kuti damu laling'ono la m'phiri limadzaza matope ndipo liyenera kutsukidwa. Funso n'lakuti ndondomeko yotsukirayo inalembedwa ndi yani, m'mwezi uti, matopewo atayezedwa kapena ayi, ndipo amene akusamalira za kumunsi anauzidwa liti. Madzi ambiri si mankhwala nthawi zonse. Mathithi ankafuna madzi oyera okhazikika, osati chigumula cha matope cha masiku ochepa pakati pa chilimwe.

Chilolezo ndi malamulo omwe anatsatira

Chilolezo chomaliza cha madzi chinatuluka mu 2004. Chinalamula kuti kumathithi kuzipita malita apakati pa 1,500 ndi 2,000 pa sekondi, pamodzi ndi udindo wosamalira chigwembe. Yerekezani nambala imeneyi ndi kukula kwa paipi ija, muona nokha kuti chilolezo chinatsata konkire. Sindikunyoza amene anasaina. Pofika nthawiyo achule anali atatha m'chigwembe, magetsi anali m'nthambo zaka zinayi, ndipo madzi akatayika saoleka.

Komabe nkhaniyi inasintha zinthu ku Tanzania. Ndondomeko ya madzi ya dziko ya 2002 inaika madzi a zosowa za anthu patsogolo, madzi a chilengedwe pachiwiri, ntchito zina zonse pambuyo. Lamulo la chilengedwe la 2004 linapangitsa kauniuni kukhala wokakamiza pa ntchito zikuluzikulu, ndipo lamulo la kasamalidwe ka madzi la 2009 linalemba dongosolo lomwelo m'malamulo, n'kupatsa mphamvu mabodi a zigwa zisanu ndi zinayi za dzikolo. Sikuti Kihansi yekha ndi amene anabala zonsezi. Kuuma kwa Great Ruaha m'chilimwe, kumene kunayamba mu 1993, kunali kale pakamwa pa aliyense. Koma Kihansi anapereka chitsanzo chimene palibe akanachikana, cha ntchito yolipiridwa ndi mabungwe okhala ndi malamulo okhwima a za chilengedwe, yomwe inadumphabe makilomita ochepa ofunika kwambiri pa mtsinje wonse.

Kwa ife amene mafomu a timadamu ta magetsi pa mitsinje ya m'mapiri amafika pa desiki zathu, ndi bwino tizolowere kufunsa mafunso awiri tisanayang'ane china chilichonse. Loyamba: pakati pa potengera madzi ndi pobwezera pali chiyani, ndipo ndani anayendamo ndi miyendo, m'dzinja ndi m'chilimwe? Mapu ndi zithunzi za m'mwamba sizionetsa dambo la mahekitala awiri lobisika pansi pa phompho. Lachiwiri: paipi yodutsitsa madzi otsalira ndi yaikulu bwanji, ndipo ingatsegulidwe kuposa nambala yomwe talemba lero? Kuika paipi yokulirapo ndi valavu yoichepetsera pa nthawi yomanga ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa damu. Kuboola damu lomalizidwa ndi nkhani ina. Ndiwonjezere kuti pakamwa pa paipiyo pakhale choyezera chimene ofesi ya madzi ingathe kuwerenga yokha, osadikira lipoti la mwini damu. Nambala ya pa chilolezo imene palibe akuiyeza imatsala pa pepala.

Kubwerera kwa achule

Mu Ogasiti 2010 achule 100 anabwezedwa ku Tanzania, kumalo owetera amene anamangidwa pa University of Dar es Salaam, ndipo malo ena otere anamangidwa ku Kihansi komweko. Asanawatulutse anayamba awayesa m'makola ang'onoang'ono m'dambo, pofuna kuona ngati angapirire fangasi amene tsopano ali m'chigwembemo, ndiponso ngati sangapatsire achule a mitundu ina matenda ochokera kunja. Mu Okutobala 2012 achule pafupifupi 2,000 anamasulidwa pansi pa mipopi. Kanali koyamba kuti mtundu wa chule wolengezedwa kuti watha kutchire ubwezedwe kwawo.

Zotsatira zake n'zosakanikira. Achule obadwira m'magalasi kwa mibadwo yambiri, ozolowera kupatsidwa tintchentche toweta, anafika pamalo pomwe pali nkhanu, linthumbu ndi fangasi. Ambiri sakhalitsa. Kumasula kwabwerezedwa kangapo m'zaka zotsatira, ndipo gulu la kutchire limadalirabe kuwonjezeredwa kuchokera kowetera. Pa mndandanda wa IUCN mtunduwu sunachoke m'gulu la zotha kutchire.

Chidwi tsopano chinakwera phiri, kupita kumtunda kwa damu, ndipo mpake. Madzi onse, a makina ndi a mipopi omwe, amachokera m'midzi ya kumapiri a chigawo cha Iringa, kumene anthu amalima chimanga m'malo otsetsereka ndi ndiwo m'madimba a m'zigwa amene kumeneko amawatcha vinyungu. Madimba amenewa ndi amene amadyetsa mabanja m'chilimwe, ndipo ali pa akasupe enieni a mtsinje. Ngalande zoumitsira dimba zimathamangitsa madzi amene akanatsika pang'onopang'ono mwezi wa Okutobala, khasu la m'mbali mwa mtsinje limatumiza dothi kudamu, ndipo mankhwala opopera mbewu amatsata dothilo. Pulojekiti yotsatira, yothandizidwa ndi thumba la ndalama zosamalira chilengedwe la Global Environment Facility, inalunjika kumeneko: kuteteza akasupe, kuchepetsa mankhwala m'minda, ndi kukhazikitsa magulu a ogwiritsa ntchito madzi m'midzi. Ntchito imeneyi ndi yochedwa kuposa kuyala mapaipi, chifukwa mlimi amene mukumupempha kuti asunthe dimba lake kuchoka pakasupe amafunsa kuti adya chiyani, ndipo ambiri mwa alimiwo magetsi a ku Kihansi anayamba kuwadutsa pamutu asanafike m'nyumba zawo. Kampani ya magetsi, ofesi ya madzi ndi osunga achule onse akufuna chinthu chimodzi kwa mlimi ameneyu, madzi oyera m'chilimwe, ndipo nkhani ya amene ayenera kumulipira pa zimenezo ikadali pa tebulo.